Tanthauzo ndi kagwiritsidwe ntchito ka liwu loti "nemesis"

Anthu amene amawerenga nkhani zamasewera m'Chingelezi amakumana kawirikawiri ndi liwu loti nemesis, ndipo ambiri amaganiza kuti ndi dzina lina chabe la mdani. Liwuli limanena za munthu kapena chinthu chimene chimamugonjetsa munthu mobwerezabwereza, ngakhale munthuyo atakhala katswiri amene ena onse amamuopa.

Gwero lake ndi Chigiriki. Nemesis linali dzina la mulungu wamkazi amene Agiriki akale ankakhulupirira kuti amalanga anthu odzikuza, ndipo kachisi wake wotchuka anali ku Rhamnous, m'dera la Attica. Dzinali linachokera ku mneni woti nemein, kutanthauza kugawira munthu zimene zikumuyenera. N'chifukwa chake poyamba liwuli linkanena za chilango chimene wolakwa sangachithawe, ndipo tanthauzo la mdani wosagonjetseka linabwera pambuyo pake.

Masewera a tenesi amationetsa bwino tanthauzo lamasiku ano. Roger Federer ankagonjetsa pafupifupi aliyense, koma pampikisano wa French Open ku Paris anagonja kwa Rafael Nadal m'masewera omaliza a 2006, 2007, 2008 ndi 2011. Chikhochi anachitenga kamodzi kokha, mu 2009, chaka chimene Nadal anatulutsidwa msanga ndi Robin Söderling. Pabwalo limenelo Nadal anali nemesis wa Federer, pamene liwu loti rival, lomwe limangotanthauza wopikisana naye, likanabisa mfundo yoti mmodzi ndiye ankapambana nthawi zonse.

Apa ndi pamene olemba ambiri amalakwitsa. Amakonda kunena kuti Professor Moriarty ndi nemesis wa Sherlock Holmes, wofufuza milandu wa m'nkhani zopeka, koma munkhani ya Arthur Conan Doyle ya mu 1893 amene anawononga gulu la zigawenga la Moriarty ndi Holmes. Tikatsata tanthauzo loyambirira, ine ndimaona kuti Holmes ndiye woyenera dzinali, ngakhale kuti kalankhulidwe ka masiku ano kamalola zonse ziwiri.

Pachiganizo, liwuli limafuna mwini wake, monga his nemesis kapena her nemesis, chifukwa munthu sakhala nemesis wa anthu onse. Silinena za anthu okha, pakuti wophunzira amene masamu amamukanika chaka ndi chaka angawatchule choncho. Akakhala ambiri amalembedwa nemeses, ndipo potchula timatsindika phatikizo loyamba.