Musanafunse ngati Seneti ndi yofunika, funsani kaye mphamvu zake

Nkhani ya Seneti, nyumba yachiwiri ya malamulo, ikangobuka ku Malawi, anthu amagawikana pawiri. Ena amati ndi nyumba yodyeramo ndalama za misonkho, ena amati ndiyo ingamange manja a pulezidenti ndi aphungu. Onsewa amalumpha funso limene liyenera kukhala loyamba: malamulo oyendetsera dziko aipatsa mphamvu yotani nyumbayi? Yokana bilu kotheratu, kapena yongoichedwetsa?

Kusiyana kwake n'kwakukulu. Ku America, Seneti ya anthu 100, awiri kuchokera m'chigawo chilichonse, ikakana bilu ndiye kuti yafera pomwepo. Ku Britain, nyumba yachiwiri yotchedwa House of Lords ilibe mano otere. Malamulo a 1911 ndi 1949 amangoilola kuchedwetsa bilu pafupifupi chaka chimodzi, ndipo ikakhala bilu ya zachuma, mwezi umodzi wokha. Komabe musaipeputse, ntchito yake yeniyeni ndi kupenda bilu ndime ndi ndime, kusoka pamene aphungu ang'amba chifukwa cha phuma.

Chondiwawa ine mpaka lero ndi zimene zidachitika ku Malawi. Malamulo a 1994 adakonza Seneti ya anthu 80: mmodzi wosankhidwa ndi khonsolo ya boma lililonse, mfumu imodzi yosankhidwa ndi mafumu anzake m'boma lililonse, ndi ena 32 oimira amayi, olumala, alimi, amalonda, mabungwe a ogwira ntchito ndi azipembedzo. Maboma nthawiyo adali 24. Taonani msampha wake: popanda makhansala, panalibe wosankha gulu loyambalo. Chisankho cha makhansala chidachedwa mpaka Novembala 2000, ndipo mu 2001, nthawi ya a Bakili Muluzi, aphungu adafafaniza ndime zonse za Seneti. Nyumbayi idafa isanakumaneko ngakhale tsiku limodzi. Ndiye wina akamati Seneti idalephera ntchito, mufunseni kuti idalephera liti.

Mpata umene udatsala umaonekera pa nkhani yochotsa pulezidenti paudindo. Lero nyumba ya aphungu yomweyo ndiyo imaimba mlandu, iyonso n'kugamula, malinga mavoti akwane magawo awiri mwa atatu. Ku Kenya sizili choncho. Mu Okutobala 2024 aphungu ndiwo adaimba mlandu wachiwiri kwa pulezidenti, Rigathi Gachagua, koma woweruza idali Seneti, imene idamva umboni n'kuvomereza milandu 5 mwa 11. Kaya chigamulocho mudachikonda kaya ayi, wodandaula ndi woweruza adali osiyana.

Tsono chenjerani ndi akatswiri a pa Facebook amene amalonjeza kuti pulezidenti akhoza kubwezeretsa Seneti pongosaina chikalata. Ndi bodza. Pafunika bilu yosintha malamulo oyendetsera dziko, yovomerezedwa ndi aphungu osachepera magawo awiri mwa atatu a nyumba yonse, osati a okhawo amene abwera tsikulo. Kutanthauza kuti mukupempha aphungu kuti agawire ena mphamvu zawo ndi manja awo.

Ndipo bilu yotere ikadzabwera, musathamangire chiwerengero cha mipando ndi malipiro. Werengani ndime yonena za amene adzasankhe maseneta, ndime yonena chochitika nyumba ziwirizi zikasemphana, komanso tsiku lenileni limene Seneti iyenera kukhala itayamba kukumana. Ndime yonena kuti isayambe lisanafike tsiku lakuti, koma osanena tsiku lomalizira, imapatsa boma lililonse mpata wozengereza.