Kelmscott Manor: nyumba ya mlimi yomwe inatchuka chifukwa cha munthu walendi

Dzina loti "manor" limapusitsa. Ukalimva, umaganiza za nyumba ya bwana mwini mudzi. Koma Kelmscott Manor, ya m'kamudzi ka Kelmscott ku Oxfordshire m'dziko la England, kufupi ndi mtsinje wa Thames, anaimanga ndi mlimi, Thomas Turner, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500. Anthu ankangoitcha Lower Farm. Dzina laulemuli linabwera mu 1864, a banja la Turner atagula udindo wa mwini mudzi.

Makoma ake ndi a miyala yotuwa ya m'dera lomwelo. Chigawo china chachitali anachiwonjezera cha m'ma 1660, ndalama zitayamba kuoneka m'banjamo. Koma pamene maso amakakamira ndi padenga. Palibe malata kapena udzu, ndi miyala yopyapyala yokhayokha: ikuluikulu m'munsi, ndipo ukamakwera imanka icheperachepera mpaka pansonga, yosanjikizana ngati mamba a nsomba. Kulemera kwake ndiye musanene, n'chifukwa chake mitanda yamkati ndi zimitengo zikuluzikulu.

Mu 1871 William Morris, mmisiri wojambula maluwa a pansalu, anayamba kuchita lendi nyumbayi limodzi ndi mnzake Dante Gabriel Rossetti. Morris sanaigule mpaka kumwalira kwake mu 1896. Anadzagula ndi mkazi wake Jane mu 1913. Chomwe Morris ankadana nacho n'chizolowezi cha nthawiyo chopala nyumba zakale kuti zioneke zatsopano, moti mu 1877 anayambitsa bungwe loteteza nyumba zakale la Society for the Protection of Ancient Buildings. Mfundo yake inali yoti chowonongeka chikonzedwe, koma ukalamba wa nyumba usafufutidwe. Ine ndimaona kuti anaganiza bwino pamenepa.

Mwana wawo May atamwalira mu 1938, nyumbayi anaisiyira yunivesite ya Oxford. Chuma chamasiye sichichedwa kusanduka mtolo: ayunivesite sanaisamale mokwanira, ndipo pomwe bungwe la akatswiri a zinthu zakale la Society of Antiquaries of London linkailandira mu 1962, inali itafooka kwambiri.

Lero ili pa Grade I, gulu lapamwamba pa mndandanda wa nyumba zotetezedwa ku England, momwe mumalowa nyumba ziwiri kapena zitatu zokha pa 100 zilizonse zolembedwa. Ngakhale mwini wake sangagumule khoma kapena kusintha zenera popanda chilolezo cha khonsolo. Akatero ndi mlandu. A Society of Antiquaries ataikonzanso, anaitseguliranso alendo mu 2022. Manda a Morris ali chapafupi, patchalitchi cha St George m'mudzi momwemo.