Sulufule, poizoni amene anapulumutsa nickel

Mu 2028 pakwana zaka 100 chichitikireni kafukufuku wa Franz Fischer ndi Hans Tropsch, ndipo mkangano sunazizire: kodi kusakaniza methane ndi carbon dioxide kuti patuluke carbon monoxide ndi hydrogen kungachepetsedi mpweya wotenthetsa dziko?

Vuto lake Ajeremani awiriwa analiona kale mu 1928. Ntchitoyi imamwa moto wambiri, 247 kJ pa mole, choncho ng'anjo imafunika kupitirira 700 °C. Katalisiti (chinthu chofulumizitsa ntchitoyi) wa chitsulo cha nickel amayamba mwamphamvu, koma methane ikamasweka pamatsala mwaye. Mwayewo umamera ngati tiulusi, n'kuzula nickel pamalo pake, kuphwanya timibulu ta katalisiti, mapaipi n'kutsekeka. Akatswiri a ku Oxford anaonetsa mu 1991 kuti zitsulo za rhodium ndi ruthenium sizichita mwaye chotere, koma mtengo wake ndi wosayamba.

Pamene zinthu zinatembenukira ndi ku Denmark. Aliyense ankadziwa kuti sulufule amapha nickel, n'chifukwa chake amamuchotsa mu gasi. Jens Rostrup-Nielsen wa kampani ya Haldor Topsøe anasonyeza mu 1984 kuti sulufuleyo akhoza kuthiridwa dala, pang'ono chabe. Kuti mwaye uyambe, pamafunika maatomu a nickel ambiri ogundizana, pomwe ntchito yofunikayo imatheka pa ochepa. Sulufule akaphimba pafupifupi magawo 7 mwa 10 a pamwamba pa nickel, timipata totsalato timachepera mwaye. Katalisiti amafookadi, ndiye amakweza moto kupitirira 900 °C. Njirayi, yotchedwa SPARG, inakhazikitsidwa ku Sterling Chemicals ku Texas mu 1987, ndipo chiwerengero cha hydrogen pa carbon monoxide chinatsika kuchoka pa 2.7 kufika pa 1.8. Nthunzi ya madzi, imene mafakitale amasakaniza ndi methane pa njira ya masiku onse, sanaisiyiretu, mfundo imene ambiri amailumpha.

Za pambuyo pake ndi zongosinthasintha zosakaniza. Chotchuka ndi cha mu 2020, pamene a ku yunivesite ya KAIST, ku South Korea, ananena kuti nickel ndi molybdenum pa magnesium oxide zinagwira ntchito maola oposa 850 popanda mwaye. Zotsatirazo n'zodalirika pa muyeso wa labotale, komatu maola amenewo ndi mwezi umodzi ndi masiku ochepa. Injiniya wa pafakitale amafuna katalisiti wokhala zaka, pa mphamvu yopanikiza gasi ya 20 bar kapena kuposa, pomwe mwaye umabwera msanga. Ndipo akafunsa kuti moto wa ng'anjoyo uchokera kuti ngati si kuwotcha gasi yemweyo, sakhala kuti akungovuta.