Thermostat ija musamachotse

Galimoto ikangofika kuchokera ku Japan amakaniki ena amathamangira kuchotsa thermostat, ati ndi ya kumaiko ozizira, kuno kumatentha kale ndiye ikungotsekereza madzi. Abale, zimenezi si zoona ayi.

Ntchito yake ndi kutseka madzi kuti asapite ku radiyeta, kumene amakazizira, injini isanatenthe, ikafika madigiri cha m'ma 80 mpaka 90 imatseguka yokha. Injini anaipanga kuti izigwira ntchito itatentha choncho, kaya muli ku Nsanje kaya ku Dedza. Mukaichotsa injini imachedwa kutentha makamaka m'mawa, kompyuta ya galimoto imaona ngati kukadali kozizira n'kumangothira mafuta ambiri, ndiye petulo wodulayu amangotha, oyilo naye sayenda bwino ndipo ma ring a mapisitoni m'kati mwa injini amaperepeseka msanga.

Galimoto ikamawiritsa madzi yang'anani kaye ngati fani ikuzungulira, chivindikiro cha radiyeta, pampu ya madzi, penanso ndi radiyeta yatsekeka ndi dzimbiri kamba komangothira madzi a pa mjigo m'malo mwa coolant, madzi a mankhwala oziziritsira injini. Thermostat mukuikayikira? Iponyeni m'madzi owira pa mbaula, ikapanda kutseguka kagulani ina. Koma chivindikiro cha radiyeta chija osatsegula injini ili yotentha, mupsa nkhope.