Kampani ya Akatswiri ku America: Chimene Imatchinga ndi Chimene Siingatchinge

Dokotala wa mano akabwera kwa ine n'kunena kuti akufuna kutsegula kampani kuti asadzasumiridwe, ndimayamba ndi kumuuza chimene sakufuna kumva. Akadzazula dzino lolakwika, wodwalayo adzasumira iyeyo, ndi dzina lake lomwe lili pa laisensi, kaya pachitseko pakhomedwa chikwangwani chotani. Laisensi imaperekedwa kwa munthu, ndipo cholakwa cha dzanja lake chimamutsata yekha. Ambiri akamva zimenezi amagwa mphwayi n'kufunsa kuti nanga kuvutikira kampaniyo n'kwa chiyani. Phindu lake lilipo ndithu, koma lili pena.

Ku United States, mtundu wa kampani wotchedwa LLC unayambira m'chigawo cha Wyoming mu 1977, ndipo zaka za m'ma 1990 zisanathe zigawo zonse zinali zitauvomereza. Pamaso pa lamulo, kampani yotere imaima payokha ngati munthu: ili ndi akaunti yake kubanki, imasaina mapangano ake, imakongola m'dzina lake. Ikalephera kubweza, okongoza amalanda katundu wa kampaniyo, nyumba ya mwini wake n'kutsala. Koma madokotala, maloya, owerengera ndalama ndi ojambula mapulani a nyumba, m'zigawo zambiri amauzidwa kuti atsegule mtundu wawo wapadera, wotchedwa PLLC, umene eni ake ayenera kukhala ndi laisensi ya ntchitoyo.

Taganizani za madokotala atatu a mano amene achita lendi chipinda chimodzi, agula mipando ndi makina ojambulira pa ngongole, n'kulemba ntchito anthu asanu. Bizinesi ikagwa, ngongole ya makina ndi ya kampani. Munthu akaterereka pakhomo n'kuthyoka mwendo, mlandu ndi wa kampani. Ndiye pali chachikulu koposa: mmodzi mwa atatuwa akavulaza wodwala, wosumirayo akhoza kufika pa chuma cha wolakwayo ndi cha kampani, koma osati pa nyumba za anzake awiri aja. Akadangogwirizana pakamwa popanda kulembetsa kalikonse, aliyense akadasenza cholakwa cha mnzake mpaka ndalama yake yomaliza. Kwa ine, ichi chokha n'chokwanira kuti anthu ogwirira ntchito limodzi alembetse. Dziwani kokha kuti amene mukumuyang'anira mwachindunji akalakwa, mlanduwo ukhoza kukukhudzani inunso.

Chitetezo chimenechi anthu amachitaya okha, nthawi zambiri ndi cholembera. Tsegulani pangano la lendi, mupite pa tsamba lomaliza. Pamwamba pali mzere umene mumasaina m'malo mwa kampani. M'munsi mwake kawirikawiri pamakhala kamzere kena, konena kuti inuyo panokha mukulonjeza kulipira kampani ikalephera. Eni nyumba ndi mabanki sakhulupirira kampani yatsopano yopanda mbiri, choncho amafuna dzina lanu. Mukasaina pamenepo, pa ngongole imeneyo kampani siikutetezaninso. Nthawi zina simungachitire mwina, koma mukhoza kukambirana kuti lonjezolo lithe pakapita zaka zingapo kapena lisapitirire ndalama inayake. Njira ina yotayira chitetezo ndiyo kusakaniza ndalama, monga kulipirira ana sukulu kuchokera mu akaunti ya kampani. Woweruza akaona kuti inu nomwe simusiyanitsa thumba lanu ndi la kampani, nayenso akhoza kukana kusiyanitsa.

Malamulo ake ndi a chigawo chilichonse, ndipo amasiyana kwambiri. California salola madokotala kapena maloya kugwira ntchito yawo kudzera mu LLC. Kumeneko amatsegula mtundu wina wa kampani ya akatswiri wotchedwa professional corporation motsatira lamulo la Moscone-Knox la 1968, ndipo maloya ndi owerengera ndalama alinso ndi mwayi wolembetsa LLP, mgwirizano wa ogwirira ntchito limodzi umene umateteza aliyense ku cholakwa cha mnzake. Ku New York PLLC ndi yololedwa, koma dokotala amayamba watenga chikalata ku Office of the Professions, nthambi ya dipatimenti ya maphunziro ya chigawocho, chotsimikiza kuti laisensi yake ili bwino. Akalembetsa, ali ndi masiku 120 oti alengeze kampaniyo m'nyuzipepala ziwiri kwa milungu 6 yotsatizana, ndipo nyuzipepalazo amasankha ndi kalaliki wa dera limene muli ofesi. Amene ofesi yake ili ku Manhattan, mkati mwa mzinda wa New York, amalipira zambiri pa kulengezaku kuposa wa kutali ndi mzinda. Choncho musatengere zimene anachita mnzanu wa chigawo china. Funsani kaye bungwe limene linakupatsani laisensi.

Funso limene limandifika kawirikawiri ndi lakuti, kodi mkazi wanga kapena mchimwene wanga amene wandithandiza ndalama angakhale ndi gawo? Nthawi zambiri yankho ndi ayi. Kwa maloya, lamulo lachitsanzo nambala 5.4 la American Bar Association, bungwe la maloya a ku America, limaletsa munthu amene si loya kukhala mwini wa kampani ya zamalamulo, ndipo zigawo pafupifupi zonse zimalitsatira, ngakhale Arizona inalichotsa mu 2021. Cholinga chake n'chomveka: amene akusankha chithandizo cha wodwala kapena njira ya mlandu akhale munthu amene angalandidwe laisensi, osati wongoyembekezera phindu. Wachibaleyo akhoza kuikongoza kampani, pangano n'kulembedwa bwino.

Kulembetsa kwenikweniko sikuvuta. Mumasankha dzina lovomerezeka, kutumiza chikalata chokhazikitsira kampani ku ofesi ya chigawo, kutchula munthu wolandira makalata a kukhoti, ndi kutenga nambala ya msonkho ya EIN, imene ndi yaulere, ku IRS, bungwe la boma lotolera misonkho. Pa msonkho, kampani ya munthu mmodzi IRS imaiona ngati mwini wakeyo, pokhapokha atasankha njira ina, monga ya S corporation pogwiritsa ntchito fomu 2553.

Pamene ndimapempha anthu kuti akhale pansi n'kutaya nthawi ndi pa pangano la pakati pa eni kampani. Mmodzi akamwalira, mkazi wake wamasiye amene alibe laisensi sangalowe m'malo mwake. Chimene amalandira ndi mtengo wa gawolo, ndipo ngati simunalembe njira yowerengera mtengowo muli pa mtendere, mudzakangana ndi banja lolira. Lembaninso zochita mmodzi akalandidwa laisensi, ndi amene adzasunge mafaelo a odwala mukadzasiyana.

Tibwerere kwa dokotala wa mano uja. Chomuteteza pa dzino lolakwika ndi inshuwalansi ya zolakwa za pa ntchito, ndipo ayenera kuiwerenga mosamala. Ina imalipira cholakwa chilichonse chimene chinachitika m'chaka chimene inali kugwira ntchito, ngakhale mlandu utabwera patapita zaka. Ina, yotchedwa claims-made, imalipira kokha ngati dandaulo lafika iyo ikadali yamoyo. Amene ali ndi yachiwiriyi, tsiku limene akutseka kampani, kusintha inshuwalansi kapena kupuma pa ntchito, afunse za chowonjezera chotchedwa tail, chifukwa wodwala amene anamuthandiza chaka chatha akhoza kudzadandaula iye atachotsa kale chikwangwani pachitseko.