Mwana akati "musauze munthu", musavomere

Chaka ndi chaka ophunzira a m'makoleji akamakonzeka kukacheza ndi ana m'masukulu a pulayimale kuno ku Dedza, funso limene amandifunsa ndi lomwelomwelo: "Tikawauze chiyani anawo?" Ndatopa nalo. Ndagwira ntchito yoteteza ana kwa zaka zambiri, ndipo sindinaonepo mwana amene anasintha khalidwe chifukwa choti mnyamata wovala tisheti yolembalemba anaima pa asembule n'kulengeza kuti mowa ndi chamba n'zoipa. Mwana wa sitandade 6 wa ku Linthipe kapena ku Chimbiya zimenezo akuzidziwa kale. Amaziona tsiku lililonse la msika, ndipo pa mayeso a Life Skills amayankha n'kukhoza. Chimene akusowa ndi munthu wosiyana naye zaka zochepa amene abwera Lachitatu lino, abwerenso Lachitatu linalo, akumbuke dzina lake, akumbukenso kuti sabata yatha anali ndi bala kuphazi.

Kuyambira 1994 pamene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, makalasi anadzaza mpaka ena kumaphunzirira pansi pa mtengo. Mphunzitsi amene akuyang'ana mitu yosawerengeka sangazindikire kuti mtsikana wa pakona uja wasiya kuseka. Apa ndi pamene wophunzira wa ku St Joseph ku Bembeke, wa ku koleji ya zankhalango ku Chongoni, kapena mwana wa m'mudzi momwemo amene wabwera ku holide kuchokera ku Bunda amathandiza. Sagwira ndodo, salemba magiredi, si malume. Ana amamuitana kuti achimwene kapena achemwali, ndipo mawu amenewa amatsegula pakamwa pamene "sala" ndi "madamu" amatseka.

Kukhala bwino ndi anthu sikuphunziridwa pa bolodi. Kumaphunziridwa pa fulaye, pa phada, pa mpira wamanja, pamene mwana waluza ndipo akufuna kumenya mnzake, wina n'kumugwira paphewa kuti adikire kaye. Kukana nakonso kumafuna kuyeserera ndi pakamwa. Mtsikana amene sanatchulepo mokweza mawu oti "ayi, ndiyenda wapansi" sadzawatchula tsiku limene wakabaza adzamuuze kuti akwere ulere. Ndiye chitani timasewero, wina akhale wakabaza, wina akhale wogulitsa tchipisi, abwereze mpaka manyazi athe. Gulu likhale laling'ono, ana omwewo, tsiku lomwelo. Ngati mukudziwa kuti mubwera kawiri kokha kuti mujambule zithunzi zoika pa Facebook, khalani kunyumba. Ana ambiri amene tikunenawa anasiyidwa kale ndi wina amene anapita ku Joni n'kulonjeza kuti abwera msanga.

Koma si izi zandilembetsa lero.

Mukamabwera sabata iliyonse, tsiku lina mwana adzatsalira anzake atapita. Adzakumba pansi ndi chala chakuphazi, kenaka adzati, "Achemwali, ndikuuzeni kanthu koma musauze munthu." Apa ndi pamene pafupifupi aliyense amalakwitsa. Amayankha kuti, "Usadandaule, zithera pompano."

Pali nkhani imene mpaka pano imandisowetsa tulo. Sinditchula mudzi, sukulu kapena koleji. Mtsikana wa sitandade 7 anauza wophunzira wina wa koleji ya kutali, amene ankacheza ndi ana pa holide, kuti bambo ake omupeza anamugwiririra usiku wa dzulo lake. Usiku wa dzulo lake, ndikubwereza dala. Wophunzirayo anali mwana wabwino, wachifundo, analira naye limodzi. Koma anali atalonjeza kale. Anasunga chinsinsicho masiku anayi akulimbana ndi mtima wake, kenaka anakauza mayi wina wa kumpingo kwawo. Mayiyo anatenga mwana uja kupita naye kwa munthu wodzitcha mneneri, amene anati m'nyumbamo muli chiwanda, n'kuwapatsa madzi a m'botolo oti aziwaza pakhomo. Nkhani itamveka kwa achibale, anakhala pansi monga banja, bamboyo anapepesa, mbuzi inaperekedwa. Ife inatipeza patapita miyezi itatu, yunifolomu itayamba kuthina.

Chimene chimandiwawa ndi ichi. Tsiku limene mwanayo analankhula, zonse zinali zotheka. Mankhwala oteteza munthu ku HIV atagwiriridwa, aja achipatala amati PEP, amayenera kuyambidwa asanathe maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28. Maola 72 ndi masiku atatu basi, ndipo kuyamba tsiku loyamba n'kwabwino kuposa lachitatu. Mapiritsi oletsa mimba mwadzidzidzi nawonso amagwira bwino akamwedwa msanga, mphamvu yake imachepa tsiku lililonse limene mwachedwa. Ku chipatala cha boma zimenezi salipiritsa. Umboni umene adokotala amalemba kuti ukagwire ntchito kukhoti nawo sudikira munthu. Masiku anayi amene wophunzira uja ankadzifunsa ngati aphwanye lonjezo ndiwo anatha zonsezi.

Sindimuimba mlandu yekha. Anamutumiza kwa ana ndi mpira ndi mapepala a nyimbo, palibe anamuuza chochita mwana akaulula zotere. Choncho ndikuuzani ine. Mwana akayamba ndi mawu aja, yankho ndi lakuti, "Ndikumvera, ndipo sindikalengeza kwa anzako. Koma ngati wina akukupweteka, ndikauza munthu amene angakuteteze, ndipo tipitira limodzi." Ena amaopa kuti akatero mwana atseka pakamwa. Nthawi zina amatsekadi, koma ambiri amene ndawaona amabwereranso, chifukwa chimene ankafuna n'choti wina achitepo kanthu. Musamufunse mafunso ngati wapolisi, musamubwerezetse nkhani kwa anthu asanu, musamufunse chifukwa chake sanakuwe. Musapite nokha kukakumana ndi womuchitira nkhanzayo. Tsiku lomwelo uzani mphunzitsi wamkulu kapena amayi a mother group, ndipo ngati wotchulidwayo ndi wa pasukulu pomwepo, dumphani pamenepo. Imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana. Pitani ku chipatala, ku Victim Support Unit ya apolisi, kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku boma. Ngati kwada ndipo mungathe kufika malo amodzi okha, yambani chipatala.

Kwa makolo, ndilankhule mosapsatira. Kupemphera sindikuletsa, nanenso ndimapemphera. Koma madzi a m'botolo saletsa kachilombo, mphini za sing'anga sizibweza mimba, ndipo mankhwala azitsamba amene ena amamwetsa ana mobisa kuti mimba ichoke ndi amene amatidzazira mawodi ndi atsikana otaya magazi. Aliyense amene akukuuzani kuti "musapite ku chipatala, zichititsa manyazi banja" akuteteza wolakwa. Kugwirira mwana si mlandu wa pabwalo la mfumu, sulipidwa ndi mbuzi. Kumukwatitsa kwa amene wamupatsa mimba nakonso n'kuphwanya lamulo: kuchokera mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Ife a ku Dedza sitinganamizire kusadziwa, poti Inkosi Kachindamoto inamveka dziko lonse lapansi chifukwa chothetsa maukwati a ana m'dera lake lomwelino.

Mbali ina imene a makoleji sakonda kuimva ndi yakuti wolangizayo angathe kukhala chilombo chomwe tikuthawacho. Mnyamata wa zaka 22 wokhala ndi foni yabwino ndi munthu wamkulu kwambiri m'maso mwa mtsikana wa sitandade 8. N'chifukwa chake sindilola kucheza ndi mwana awiriwiri m'chipinda chotseka, kutumizirana mauthenga pa WhatsApp usiku, kapena kupatsa mwana mmodzi ndalama ndi mphatso anzake osadziwa. Ahedi, munthu akabwera kuti akufuna kuthandiza ana, funsani kalata yochokera kukoleji kwake, dziwani amene akumuyang'anira, ndipo mphunzitsi mmodzi azikhala chapafupi. Wokwiya ndi mafunso amenewa musamupatse ana.

Mtsikana uja anabereka. Tinayesetsa kuti abwerere m'kalasi, poti kuyambira 1993 boma limalola mtsikana amene wabereka kuyambiranso sukulu. Anabwerera temu imodzi yokha. Masiku ano ndikamadutsa pa msewu wa M1 nthawi zina ndimamuona akugulitsa mbatatesi m'ndowa, mwana kumsana. Amandipatsa moni mwaulemu, n'kundifunsa ngati achemwali aja anamaliza koleji.