Webusaiti yanu iyeseni pa foni yanu, osati pa laputopu ya amene anakupangirani

Pafupifupi sabata iliyonse pamabwera munthu ndi dandaulo lomwelomwelo: "webusaiti tili nayo koma siikubweretsa makasitomala." Ndikafunsa kuti munaitsegulapo liti pa foni yanu ndi data yanuyanu, ambiri amangokhala chete, anaiona tsiku lomwe wopangayo ankawaonetsa pa laputopu yake basi. Abale, zimenezi zanditopetsa. Anthu opitilira theka amene amalowa pa intaneti padziko lonse amalowera pa foni, ndipo Google kuyambira 2018 inayamba kuyang'ana kaye mmene tsamba likuonekera pa foni isanaliike pa mndandanda wa zotsatira zake. Ndiye kukongola kwa pa sikirini yayikulu kuja kukuthandizani chani?

Cholakwika chimene ndimachipeza kawirikawiri ndi zithunzi. Chithunzi chimodzi chojambula ndi foni yamakono chimalemera 4 kapena 5 MB, ndiye munthu waika khumi patsamba loyamba zikusinthanasinthana, kasitomala ali pa netiweki yofooka akungoona kabwalo kakuzungulira, data ikutha, mapeto ake amangotuluka nkupita kwa mnzanu. Chithunzi chomwecho chikhoza kuchepetsedwa kufika 200 KB osaoneka kusiyana kulikonse pa foni. Google imati chinthu chachikulu cha patsamba chizikhala chaoneka pasanathe masekondi 2.5, ndipo pali PageSpeed Insights yaulele, mumangoika adilesi ya webusaiti yanu nkukuuzani chimene chikuchedwetsa.

Tsamba likatseguka, munthu akufuna kudziwa kuti mumagulitsa chani ndipo akupezani bwanji. Nambala ya foni ikhale pamwamba, yoti akaidina iyimbe, osati yolembedwa mkati mwa chithunzi yoti mpaka aikopere pa pepala. Mbiri ya kampani ndi masomphenya anu zikhoza kudikira tsamba lina.

Koma nkhani imene imandipwetekabe mtima mpaka lero si ya zithunzi ayi. Panali mayi ena osoka zovala, anabwera kwa ine kuti ndiwasinthire mitundu ndi kaonekedwe ka zilembo pa webusaiti imene mnyamata wina anawapangira motchipa. Ndinawapempha pasiwedi, anati ili ndi mnyamatayo, ndinangowauza kuti akatenge abwerenso. Sindinafunse kuti domain, imene ndi adilesi ya webusaitiyo pa intaneti, inalembetsedwa m'dzina la ndani, ndipo funso limenelo ndimayenera kuyambira. Anabwera patatha miyezi, mnyamata uja foni yake siikupezeka, domain inali m'dzina lake ndi imelo yake, makalata okumbutsa kulipira ankapita kwa iyeyo. Domain ngati ya .com sumagula mpaka kalekale, umachita kubwereka pachaka, ikatha pamakhala kanthawi kochepa kokudikira, kenako masiku 30 oti uyiombole pamtengo wokwera, zikatero imamasulidwa ndipo aliyense akhoza kuitenga. Yawo inatengedwa ndi munthu wina amene anadzazapo zotsatsa za juga. Adilesi imeneyo inali pa makadi awo, pa zikwama zoikira zovala, pa chikwangwani. Mayiwo anakhala pampando akuyang'ana foni yawo, nkundifunsa chapansipansi kuti "ndiye makasitomala anga akuganiza kuti ndine ndaika zimenezi?" Ndinalibe chowayankha.

Nchifukwa chake ndimakalipa ndikamva za anthu odzitcha akatswiri amene amakulonjezani webusaiti usiku umodzi. Ambiri amagwiritsa ntchito pulogalamu yopangira mawebusaiti yotchedwa WordPress, imene ilibe vuto, mawebusaiti opitilira 40 pa 100 alionse amayendera yomweyo, koma iwowa amaikamo ma theme (a kaonekedwe ka tsamba) ndi ma plugin (timapulogalamu towonjezera) akuba amene salandira ma update ndipo nthawi zambiri amabwera ndi kachilombo kale mkati. Ena amakulipiritsani ndalama zambiri za satifiketi ya chitetezo cha webusaiti pomwe bungwe la Let's Encrypt limapereka yaulele, ena saika nkomwe, ndiye kuyambira July 2018 Chrome imalemba kuti "Not secure" (yosatetezeka) pambali pa adilesi yanu, kasitomala angalembepo nambala ya khadi lake pamenepo? Wina akakuuzani kuti akuikani nambala wani pa Google sabata ino, dziwani kuti palibe angalonjeze zimenezo, Google yomweyo imachenjeza za anthu oterewa.

Musadikire kuti zinthu zivute chonde. Lero lomwe muimbireni amene anakupangirani, akuuzeni kampani imene domain inalembetsedwa, tsiku limene ikutha, ndipo akaunti ya domain ndi ya hosting (kumene webusaitiyo imasungidwa) zisamutsidwire ku imelo yanu inuyo mukuona. Akayamba kuzemba kapena kunena kuti ndi zovuta simungazimvetse, pezani munthu wina akuthandizeni kuzisamutsa tsiku lija lisanafike.